Sunga Khosi, Mkanda Udzavala

M'kabokosi kachitsulo momwe mayi ankasungamo makadi a kusikelo ndi makalata a ubatizo muli tizithunzi tiwiri ta mnyamata wa zaka 16. Ndi tija tating'ono ta pasipoti, takuda ndi kuyera, tayamba kale kuchita chikasu m'mbali. Kolala yakula kuposa khosi chifukwa malayawo anali a achimwene. Wojambula anandiuza kuti ndisaseke, ndipo pakamwa panamvera, koma maso anakana. Mpaka lero akuoneka ngati a munthu amene wangonong'onezedwa nkhani yokoma. Ndinajambulitsa pa boma la Ntcheu mu Seputembala 1986. Kumbuyo kwake kulibe guluu, kulibe chidindo. Sitinalowe m'pasipoti iliyonse.

Ulendo wake unali wa ku Great Zimbabwe. Anauyambitsa ndi aphunzitsi athu a mbiri yakale, bambo wamfupi wolankhula motsitsa, amene akafika pa mutu umenewu ankaiwala kuti belu lalira. Anali ndi chithunzi chimodzi chokha chodula m'magazini, chomata pa katoni, ndipo chinkayenda desiki ndi desiki ngati khanda lobwera nalo kudzaonetsa. Ankatiuza kuti khoma lalikulu la kumeneko limafika mamita 11 kupita m'mwamba, kuzungulira kwake mamita pafupifupi 250, miyala yake yongosanjikiza popanda dothi kapena simenti. Ankatiuza za mbalame zosema pamwala, zija chifanizo chake chili pa mbendera ya dzikolo, ndi kuti dziko lonse litalandira ufulu mu 1980 linatenga dzina la miyala imeneyi. Koma pomwe mawu awo ankanjenjemera ndi pa nkhani ya amisiri. Azungu oyamba kufikako anakanitsitsa kuti munthu wakuda angamange chotere, mpaka ena anakokeramo mfumukazi ya ku Sheba. David Randall-MacIver anakumba pamalopo mu 1905, Gertrude Caton-Thompson mu 1929, onse n'kupeza kuti omanga anali eni nthaka, komabe boma la Rhodesia linapitiriza kuphimba zimenezi ngakhale m'timabuku topatsa alendo.

"Ana inu," ankatero, "kandimverere anakanena za m'maluwa. Ine ndikukuuzani zimene ndinawerenga. Ndikufuna mukagwire khomalo ndi manja anu." Iwo eniwo anali asanafikeko.

Pa mapu njira inali yaifupi. Kuchoka ku Blantyre kudzera ku Mwanza, kulowa m'Mozambique pa Zobue, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa ku Tete, kutulukira pa Nyamapanda mpaka ku Harare ndi makilomita pafupifupi 600, kenaka kutsetserekera kum'mwera ku Masvingo. Koma pakati pa njirayo panali nkhondo. Frelimo ndi Renamo anali akumenyana chiyambire 1977, ndipo pamsewu wa ku Tete galimoto sinkayenda yokha. Zinkadikirirana pachipata n'kunyamuka mondondozana, asilikali a Zimbabwe akuziperekeza. Aphunzitsi ankazidziwa zonsezi. Ankati malole a katundu akudutsa, ndipo pofika tchuthi cha Khirisimasi mwina zinthu zikhala zitapepukako. Sindiwaimba mlandu. Munthu akamafunira ana zabwino amawerenga masiku owala okhaokha.

Tinalima ndiwo kudimba la sukulu n'kumagulitsa m'nyumba za aphunzitsi. Kwathu, kufupi ndi Lizulu, mayi anakhala pamsewu tchuthi chonse ndi zidebe za kachewere, kuthamangira basi iliyonse ikaima. Bambo anagulitsa mbuzi ziwiri, imodzi ili ndi bere. Sanandifunse kuti miyala idzatidyetsa chiyani. Anangoti, "Ukakabwerako udzatiuze."

Amene anakondwa kuposa onse anali agogo aamuna. Iwo anapita ku Harare, kumene ankakutcha ku Halale, akadali mnyamata, wapansi, ulendo wa selefu, osadzera kwa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito. Anagona m'mitengo kuopa mikango, anawoloka Zambezi pa bwato, anagwira ganyu m'midzi ya m'njira kuti apeze ufa. Atamva kuti mdzukulu wawo adutsa momwemo atakhala pampando wa basi, anandiitana pakhonde n'kuyamba kunditchulira maina a malo, kuwerenga pazala, kuti ndikawaonere ngati milambe ina ikadalipo.

Chakudza sichiimba ng'oma, amatero akuluakulu, koma ichi chinaimba ndithu, kungoti ana sitinkadziwa kumasulira kaliridwe kake. Mu Seputembala yemweyo, Samora Machel wa ku Mozambique, Robert Mugabe wa ku Zimbabwe ndi Kenneth Kaunda wa ku Zambia anafika ku Blantyre kudzakumana ndi Kamuzu Banda. Machel ankati Renamo ikudzera m'Malawi, boma lathu linkakana, ndipo atabwerera kwawo anaopseza kuti atseka malire. Masiku amenewo nkhani zotere sizinkakambidwa pabwalo. Akuluakulu ankazitola usiku pa wailesi zakunja, mawu atatsitsa, chitseko chili chotseka. Nkhondo inakolera m'zigawo za Tete ndi Zambezia. Pa 19 Okutobala ndege ya Machel, pochokera ku Zambia, inagwa pa Mbuzini m'dziko la South Africa, ndipo iye anafera pomwepo. M'masabata otsatira, ku Harare ndi ku Maputo, achinyamata okwiya anakaphwanya maofesi a dziko la Malawi. Ndiye kuti msewu unali woopsa, ndipo kumene msewuwo unkathera dzina la Mmalawi silinkamveka bwino.

Anatiitana madzulo ena kumayambiriro kwa Novembala. Aphunzitsi analowa ndi maenvulopu m'manja, aliyense dzina lake pamwamba, ndipo tisanamve mawu tinadziwa. Anafotokoza kuti anayesa kuwerengera njira ya ku Zambia, yodzera ku Mchinji, Chipata, Lusaka ndi Chirundu, koma mtunda wake unkaposa kuwirikiza kawiri, ndipo ndalama zathu zikanathera panjira. Khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo, n'zoona, koma khotekhote aliyense amamwa dizilo. Dziko lonse linali likulipira khotekhote yemweyo. Njanji za ku Beira ndi ku Nacala zitaduka, fodya, tiyi ndi shuga zinkazungulira ulendo wautali kuti zikafike kudoko la Durban, ndipo feteleza ndi mafuta zinkabwera modula. Ife tinali kachidutswa kakang'ono ka nkhani yaikulu. Koma madzulo amenewo palibe amene ankaganiza za fodya. M'kalasi munangoti zii. Mtsikana wina amene ankalemba maina a kalabu yathu anatseka kope lake pang'onopang'ono n'kulikhalira. Aphunzitsi anagawa maenvulopu osayang'ana munthu kumaso, kenaka anatenga chithunzi chawo cha pakatoni n'kutuluka.

Nditafika kumudzi pa Khirisimasi ndinapereka envulopu kwa bambo. Anawerenga, n'kunena kuti igula feteleza. Mbuzi ya bere ija inali itaswa kale m'khola la munthu wina. Agogo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Mdzukulu wanga, sunga khosi, mkanda woyera udzavala."

Mwambi umenewu ndakhala nawo zaka zonsezi, ndipo sindinasiye kukangana nawo. Ndi woona, ndipo ndikunena zimenezi ndi mtima wonse. Pamsewu wa ku Tete anthu ankafa. Madalaivala amene ankadutsako ankasimba za malole opsa ali gada m'mbali mwa msewu ndi za mabomba okwirira pansi. Basi yodzaza ana a sukulu ikanalowa m'menemo, bwenzi pena lero kulibe wolemba mawu ano. Kholo lililonse lanzeru likanasankha khosi. Inenso mwana wanga atandipempha ulendo wotere, ndingamuyankhe ndi mwambi womwewu.

Koma mwambiwu uli ndi pena pamene umakhala chete. Umalonjeza kuti mkanda udikira, ndipo sunama, pakuti miyala ya ku Masvingo yadikira zaka mazanamazana. Chimene sunena n'chakuti khosi silidikira. Limakula, limachita makwinya, limazolowera kusenza zina. Mkanda umene namwali akanavala pa tsiku la chinamwali chake, akauvala ali ndi zidzukulu ndi womwewo, koma wovalayo ndi wina. Pali zinthu zimene zimalowa mwa munthu pa msinkhu wake basi. Mwana wa zaka 16 amene sanatulukepo m'dziko lake, akaona chidindo choyamba chikugwa pa pasipoti, akamva anthu akugula buledi m'chilankhulo china, akaima pansi pa khoma limene anauzidwa kuti anthu onga iye sangamange, chinachake chimakhazikika m'mafupa ake akadali anthete. Sindinganene kuti ndikanakhala munthu wotani ndikanapita. Ndicho chimene nkhondo inatenga: inapita ndi yankho lake.

Ndinkalira mumtima tchuthi chimenecho, koma kulirako kunali ndi manyazi, chifukwa cha zimene zinali kutsidya kwa msewu.

Amene anayendapo pakati pa Ntcheu ndi Dedza akudziwa kuti m'malo ambiri msewu waukulu ndiwo malire. Uku Malawi, uko Mozambique. Anthu a mbali zonse ndi amodzi, Achewa ndi Angoni a kwa Gomani, olekanitsidwa ndi mzere umene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891. Phiri la Domwe, limene Angoni athu amalitchula akamakamba za makolo awo, lili mbali ya uko, ku Angonia. Tili ana tinkaoloka msewu kukagula zinthu m'masitolo a tsidyalo osaganiza kuti tapita kunja. Chaka chimenecho masitolo aja anasanduka mabwinja, opanda denga, makoma ali zibooboo. Ndipo anthu ankabwera. Ankafika m'mamawa mame ali m'miyendo, amayi atasenza mphika ndi mphasa, ena atavala masaka, ena makungwa a mitengo. Mafumu anawagawira malo, ndipo misasa ya udzu inamera m'mphepete mwa midzi ngati bowa. Ndevu za mnzako zikapsa mzimire, ndipo anthu a kwathu anazimira ndithu, ngakhale nkhokwe zawo sizinali zodzaza. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 othawa nkhondo m'Malawi anakwana pafupifupi 1 miliyoni, m'dziko limene kalembera wa 1987 anapeza anthu pafupifupi 8 miliyoni. Ku Nsanje alendo anachuluka kuposa eni mudzi.

Kuseri kwa nkhokwe yathu kunamanga banja lina la ku Angonia, ndipo linali ndi mnyamata wa msinkhu wanga. Chichewa chake chinali changa chomwe, kungoti powerenga manambala ankalowa m'Chipwitikizi. Tinkapalira limodzi chimanga cha bambo, iye kulandira ufa. Ine wofuna kupita kunja ndinakanika, iye wosafuna anapita kunja usiku, wapansi, atabereka mlongo wake. Nkhondo imodzi yomweyo inatseka chipata kwa ine n'kumukankhira iye pachipata chomwecho. Ndinkaona kuti kutchula za ulendo wanga pamaso pake kukanakhala ngati kudandaula za mchere pamaliro.

Koma mng'ono wanga anaulula. Tsiku lina tikupuma pachulu, mnyamatayo anandifunsa kuti, "Achimwene, akuti munkapita kukaona miyala. Miyala yake ili ndi chiyani?" Ndinayamba monyinyirika, kenaka mawu a aphunzitsi anandigwira. Ndinajambula khoma pansi ndi kamtengo, ndinamuonetsa kanjira kopapatiza ka pakati pa makoma awiri ndi nsanja yosongoka ija yopanda khomo. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenaka anandiuza kuti iyenso chaka chimenecho ankayembekezera kupita ku Tete kukapitiriza sukulu, ndipo anali atamva kuti mlatho wa kumeneko ndi wolenjekeka pa zingwe zachitsulo. Sukulu yawo inatenthedwa, aphunzitsi awo anathawa osatsanzika. Anakhala chete pang'ono, n'kunena kuti, "Pepani, achimwene. Zinakupwetekani."

Palibe munthu wina amene anandipepesa pa nkhani imeneyi. Akuluakulu onse, mwachikondi, anandiuza kuti ndithokoze kuti ndili moyo. Amene anataya nyumba, sukulu ndi dziko ndi amene anaona kuti kanthu kanga kakang'ono nakonso kanali kotayika. Sanayeze chisoni changa pa sikelo ya chisoni chake. Ndimaganiza kuti ankadziwa, kuposa ife tonse, kuti nkhondo simadya zikuluzikulu zokha. Imayamba ndi tinthu timene palibe amene adzatilembe m'buku: mpira umene sunaseweredwe, mayeso amene sanalembedwe, mlatho umene mwana sanauone. Amene amawerenga za nkhondo ya ku Mozambique amati inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni, ndipo n'koyenera kuti chiwerengero chimenecho chizikhala patsogolo. Koma kumbuyo kwake kuli khamu la amoyo amene anasunga khosi, aliyense ali ndi mkanda wake umene sanavale, ndipo ambiri sanauzepo munthu chifukwa cha manyazi omwe aja ndinali nawo ine.

N'chifukwa chake ndikamva lero za ana a ku Sudan, a ku Ukraine, kapena a ku Cabo Delgado komwe mfuti zakhala zikulira chiyambire 2017, mtima wanga umapitanso kwa amene sali pa mndandanda wa ovulala. Kuli mwana kwinakwake amene anasunga ndalama m'chitini, anaphunzira moni wa chilankhulo china, anachapa nsapato, kenaka anauzidwa kuti ulendo kulibe ndipo asadandaule chifukwa ena akufa. Amene akumuuzayo sakunama. Ndimangolakalaka pakhale mmodzi womuuza kuti pepa.

Akuluakulu amatinso nkhondo ndi anansi. Ndili mwana ndinkamva mwambiwu ngati wonena za abale okangana pa munda wa malemu. Chaka cha 1986 chinandiphunzitsa kuumva mbali ina. Malawi sanali pa nkhondo, sitinathawe m'nyumba zathu, koma utsi wa kwa mnansi unalowa m'maso mwathu, m'mitengo ya sopo ndi feteleza, m'nkhuni zimene zinatha m'mapiri, mpaka m'kalasi ya Folomu 3. Mu Disembala chaka chomwecho maboma awiriwa anasainirana pangano la chitetezo, ndipo chaka chotsatira asilikali a Malawi anapita kukalondera njanji ya ku Nacala. Ena a iwo sanabwerere. M'midzi yathu muli amasiye a nkhondo imene m'mabuku amati sinali yathu.

Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, Joaquim Chissano wa Frelimo ndi Afonso Dhlakama wa Renamo atagwirana chanza pambuyo pa zokambirana zimene a bungwe la Sant'Egidio anathandiza kuyendetsa. Misasa ya kuseri kwa nkhokwe inayamba kuphwasuka umodzi umodzi. Banja lija linabwerera ine ndili kutali ndi kwathu, ndipo mayi anandiuza kuti mnzanga uja anapita ali ndi mkazi ndi mwana wobadwira kuno. Sukulu sanabwererenso. Agogo anamwalira mtendere usanafike, osamva za milambe yawo. Aphunzitsi aja ndinamva mochedwa kuti nawonso anatisiya, ndipo amene anandiuza anati Zambezi sanamuwoloke.

Ine ndinapita mu 2003, ndili ndi zaka 33, pa ndalama zanga, ndi pasipoti ya chithunzi china. Basi inaima nthawi yaitali pa Zobue, ndipo palibe amene ankayang'ana kutchire. Kutentha kwa ku Tete kunali monga agogo ankanenera, ndipo milambe inalipo yambirimbiri, koma panalibe wondiuza kuti yawo ndi iti. Tikukwera pa mlatho ndinayang'ana zingwe zachitsulo zija zikutsika ndi kukwera, Zambezi ali tantha pansi, ndipo amene anandibwerera m'mutu sanali aphunzitsi kapena agogo. Anali mnyamata uja pachulu, khasu lili pambali.

Ku Great Zimbabwe ndinafika m'mawa, kukuzizira. Khoma ndi lalitali monga anatiuzira, mwinanso kuposa, chifukwa chithunzi cha pakatoni sichinkaonetsa mmene limakhotera ngati chinthu chamoyo. Ndinalowa m'kanjira kopapatiza kaja, mapewa kutsala pang'ono kukhudza mbali zonse, thambo likuoneka ngati kansalu kakang'ono pamwamba. Ndinaika dzanja pamwala. Unali wozizira, wokhakhala, ndipo pakati pa mwala ndi unzake panalibedi dothi. Ndinasangalala, ndipo sindikufuna kuchepetsa chisangalalo chimenecho. Agogo sananame, mkanda ndinauvala. Koma chinali chisangalalo cha munthu wamkulu amene wawerenga zambiri, amene akudziwa nthawi yonyamukira basi yobwerera, amene akuganiza za ana amene wawasiya kunyumba. Ndinkafufuza mumtima mwanga mnyamata wa kolala yaikulu uja kuti ndimuonetse, koma sanabwere nane.

Ndili chiimire, kunja kunamveka phokoso. Inali basi ya sukulu ina ya konko. Ana a yunifolomu anakhamukira m'kanjirako, akukankhana, akufuula m'Chishona kuti amve mawu awo akubwerera, mphunzitsi wawo akuwathamangira pambuyo ndi ndandanda wa maina. Ndinadzipanikiza kukhoma kuti adutse. Kamtsikana kena kanatsalira. Kanaima, n'kukweza mutu mpaka chipewa chinagwa, pakamwa pali yasa, kenaka kanatambasula manja onse awiri n'kugwira makoma a mbali ziwiri nthawi imodzi. Anzake ankakaitana kutsogolo koma sikanamve. Ndinatola chipewa chija n'kudikira mpaka katatsitsa manja.